Momwe mungachedwetsere vuto la kusaona patali mwa mwana

Mwana akamatsinzina pang'ono kuti aone zolembedwa pa bolodi, kawirikawiri diso lake limakhala litatalika mopitirira kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, moti kuwala kumakumana kusanafike pa retina, kansalu kolandira chithunzi mkati mwa diso. Diso la munthu wamkulu ndi lotalika pafupifupi mamilimita 24, ndipo kungowonjezekera milimita imodzi n'kokwanira kuti zakutali zizioneka mwachimbuuzi. Diso likatalika silibwereranso. Ntchito ya kholo tsono ndi kuchedwetsa kutalikako mwana akadali wamng'ono, pakuti vutoli likakula kwambiri, monga mphamvu ya magalasi ikafika pa -6.00, ngozi ya kumatuka kwa retina ndi matenda a glaucoma, owononga mtsempha woonera, imakwera munthu akadzakula.

Yambani ndi kukamupimitsa kwa dokotala wa maso, ndipo magalasi amene wapatsidwa akhale a mphamvu yokwanira. Makolo ena amapempha magalasi ocheperako mphamvu poganiza kuti diso lizolowera kudzilimbira lokha, koma zimenezi sizithandiza ndipo nthawi zina zimafulumizitsa vutolo.

Chotsika mtengo kuposa zonse ndi kuwala kwa panja. Mwana azikhala kunja pafupifupi maola 2 tsiku lililonse, ngakhale pamthunzi, chifukwa kuwala kwa masana kumaposa kutali kwa m'chipinda. Kuyambira 2010 dziko la Taiwan lakhala likulimbikitsa sukulu kutulutsa ana panja mphindi 120 patsiku, ndipo chiwerengero cha ana osaona bwino chinayamba kutsika. Tinene chilungamo: njira imeneyi imathandiza kwambiri mwana amene vutoli silinamuyambe, choncho azing'ono ake muwatulutsenso. Powerenga, buku kapena foni ikhale masentimita osachepera 30 kuchokera kumaso, ndipo pakatha mphindi 20 zilizonse ayang'ane kutali kwa kanthawi.

Ngati mphamvu ya magalasi ikukwerabe chaka ndi chaka, funsani dokotala za chithandizo chochedwetsa, popeza magalasi wamba amangoyeretsa chithunzi pamene diso likupitiriza kutalika. Pali mankhwala odontheza m'maso a atropine ochepetsedwa mphamvu, kuyambira 0.01% mpaka 0.05%, amene amadonthezedwa usiku. Kafukufuku wa ku Hong Kong anapeza kuti a 0.05% ndiwo anachedwetsa kwambiri, ngakhale ana ena amathobwa ndi dzuwa. Palinso magalasi apadera monga MiYOSMART, okhala ndi timandala tambirimbiri kuzungulira pakati pake, komanso timagalasi togona nato tovala pa diso penipeni, timene timafuna ukhondo waukulu chifukwa tikadetsedwa tingayambitse chilonda pa diso.

Chilichonse chimene mwasankha, mwana azipimidwa miyezi 6 iliyonse, ndipo ngati chipangizo chilipo ayezedwe kutalika kwa diso lenilenilo. Musamusiyitse atropine mwadzidzidzi panokha, chifukwa diso likhoza kuyambiranso kutalika mofulumira. Dokotala ndiye amachepetsa mankhwalawo pang'onopang'ono.