Momwe mungaunikire galimoto yakalekale musanaigule kuti muidzutse

Kuno ku Mangochi galimoto zakale sizisowa. Mukazungulira pa Boma, kapena kukwera mtunda wa ku Namwera, kapena kulowera ku Monkey Bay, mupeza ina itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Zina ndi Land Rover zomwe zinatopa ndi ntchito ya ku mishoni ndi m'maesiteti a fodya, zina ndi Peugeot 404 kapena 504 za matola, zina ndi Nissan 1400 zimene zinabwera ndi abale athu ochokera ku Joni. Amene akufuna kudzutsa galimoto yotere kawirikawiri amayamba ndi funso lakuti, "Kodi imalira?" Funsoli libwere mochedwa. Injini amakaniko athu amaitha, ndipo ikakanika mumaikamo ina. Zimene zimagwetsa ntchito ndi mapepala ndi dzimbiri.

1. Yambani ndi mapepala, musanatsegule n'komwe boneti

Pemphani blue book, buku la umwini wa galimoto, ndipo muone ngati dzina lili m'menemo ndi la munthu amene akukugulitsaniyo. Akati "ndi ya malemu bambo athu", khalani pansi kaye. Galimoto ya malemu ndi chuma cha masiye, ndipo mwana mmodzi sangangoigulitsa payekha. Mufunse amene anapatsidwa mphamvu zoyendetsera chumacho, muone kalata yake, ndipo amalume ndi ena a pabanjapo adziwe. Kupanda kutero, tsiku limene galimotoyo idzawale ndi penti watsopano ndi lomwe eni ake ena adzatulukire.

Kenako yerekezani nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa m'bukumo, chilembo ndi chilembo. Nambala ya zilembo 17 imene tinaizolowera inayamba kufala mu 1981, choncho musadabwe kupeza yaifupi pa galimoto ya m'ma 1970. Pa Land Rover Series III nambalayi inadindidwa pa chasisi kutsogolo, mbali ya kumanja, pamene pamangidwa sipuling'i. Pa Volkswagen Beetle muipeza pansi pa mpando wa kumbuyo. Malo a nambalawo akaoneka opalidwa kapena owotchereredwa, tsanzikani bwinobwino n'kumapita.

Poti Chiponde ndi pafupi, mudzakumananso ndi galimoto za nambala ya ku Mozambique kapena ku South Africa zimene zinalowa zaka zapitazo n'kungokhala. Ngati msonkho wa MRA sunalipiridwe, mtolowo udzagwera inu pokalembetsa. Ndi bwino kupita ndi nambala ya chasisi kupolisi komanso ku Road Traffic musanapereke ngakhale chikole, ndipo mugwirizane kuti wogulitsayo adzapita nanu pokasintha umwini.

2. Pitani kutacha, ndipo musapite nokha

Tengani tochi, kamaginito kakang'ono, sikuludiraiva yaikulu, nyundo yaing'ono, jeke, katoni yogonera pansi, ndi makaniko amene si mnzake wa wogulitsa. Dobadoba amene wakupezerani galimotoyo amadya malonda akatheka, ndiye mawu ake muwamve ndi khutu limodzi. Pitani m'mamawa dzuwa la kuno lisanayambe kuwotcha chitsulo, koma kukhale kowala. Musanalowetse dzanja paliponse gogodani kaye. Galimoto yokhalitsa pamalo amodzi imakhala mudzi wa mavu, zinkhanira, nthawi zina ndi njoka.

3. Gonani pansi muone chasisi

Apa ndi pamene muyenera kutaya nthawi yambiri. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, choncho galimoto ya ku Mangochi siyenera kudyeka ngati ya ku Beira kapena ku Durban. Komabe dzimbiri la kuno lili ndi njira zake. Pikapu imene inkanyamula nsomba imakhala itamwa madzi a ayisi ndi mchere kwa zaka, ndipo imawola kuyambira pa bodi ya kumbuyo kutsikira pa chasisi. Galimoto imene inkakokera boti m'madzi imadyeka kumbuyo. Imene yakhala pansi pa mtengo wa mango imadzaza masamba m'ngalande za pansi pa galasi la kutsogolo, masambawo n'kumasunga chinyezi dzinja lonse. Ndipo imene matayala anaphwa, mimba n'kukhudza dothi, imawola kuchokera pansi pomwe pamwamba pakuoneka bwino.

Gogodani chasisi ndi nyundo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza, chowola chimangoti phu, ndipo zinyenyeswa zimagwa. Pamene mwakayikira bayani ndi sikuludiraiva mwamphamvu. Wogulitsa akakuletsani kubaya, dziwani kuti akudziwa chimene chili pamenepo. Yang'anitsitsani pamene pamangidwa masipuling'i ndi mashoko, chifukwa ndi pamene pamasenza katundu yense. Dzimbiri la pamwamba, lofiira ngati katondo, lisakuopseni, limachoka ndi bulashi ya waya. Loopsa ndi limene latupa n'kumasendeka m'magawomagawo.

Phula wakuda wopakidwa chatsopano pansi pa galimoto imene sinayende zaka khumi ndi chizindikiro choipa. Palibe amene amakongoletsa kunsi kwa galimoto popanda chimene akubisa. Onaninso zigamba zowotcherera. Chigamba chimodzi chosokedwa bwino si vuto, koma chigamba pamwamba pa chigamba chinzake chikutanthauza kuti wowotcherera ankangothamangitsa bowo.

Land Rover imapusitsa anthu ambiri pa nkhani imeneyi. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndiye galimoto imaoneka yathanzi chasisi itatha kale. Onani mtanda wa kumbuyo kwenikweni, timikono timene timatuluka m'mbali mwa chasisi kunyamula bodi, ndi khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi anthu, makamaka popondera mapazi ndi pamene pamangidwa zitseko. Khoma limeneli likawola ntchito yake ndi yaikulu, chifukwa chiwongolero, mapedulo ndi mawaya zonse zimadalira pomwepo. Ufa woyera umene mungauone pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo ndi kudyeka kwa mtundu wina, ndipo pamenepo pamadzabooka.

Galimoto zazing'ono ngati Peugeot 504 ya saluni kapena Datsun 120Y zilibe chasisi yapayokha, bodi yomweyo ndiyo mafupa ake. Pa zimenezi tukulani kapeti, muone pansi, muone mipiringidzo ya kunsi kwa zitseko ndi m'buti momwe mumakhala tayala la sipeya. Pa Beetle onani pansi pa batire, kunsi kwa mpando wa kumbuyo, pamene asidi amadontha.

Musalowe pansi pa galimoto imene yangodalira jeke kapena njerwa zowotcha. Ikani zitsa zolimba.

4. Bodi: maginito akuuzani zoona

Kulungani maginito m'kansalu n'kumawayendetsa m'mbali mwa galimoto, makamaka mozungulira matayala ndi m'munsi mwa zitseko. Pamene akana kumata pali filala wochindikala, phala lija amamata pa bodi asanapake penti, kutanthauza ngozi yakale kapena bowo lotsekedwa. Pa Land Rover njirayi sigwira chifukwa aluminiyamu sakoka maginito. Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse. Mipata ikasiyana kwambiri mbali ina ndi inzake, galimotoyo inapindikapo.

Fufuzaninso ngati inamirapo. Chaka cha 2023 kunali namondwe wa Freddy, ndipo mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ambiri a m'mphepete. Matope ouma kuseri kwa dashibodi, mchenga m'kati mwa zitseko, ndi mzere wa madzi m'magalasi a nyali ndi umboni wokwanira.

5. Tsopano injini

Musathamangire kulumikiza batire. Injini imene yagona zaka ilibe oyilo m'mwamba, ndipo petulo wakale amasanduka utomoni. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowomo, kenako zunguzani injini ndi sipanala pa pule ya kutsogolo. Ikazungulira, nkhani ndi yabwino. Ikakana, yagwira, ndipo mtengo utsike ndithu, ngakhale si chifukwa chothawira.

Solololani dipusitiki ndi kutsegula chotsekera oyilo. Oyilo wakuda ndi wokalamba chabe. Koma akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa, mwina gasiketi yapsa kapena hedi inang'aluka. M'rediyeta namonso musakhale oyilo.

Ngati galimotoyo imalira, muuze wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani injini mumve ngati ndi yozizira. Injini yotentha imabisa matenda. Ikalira imani kumbuyo muone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Woyera wosaleka ngakhale injini itatentha ndiye madzi. Wakuda ndiye mafuta akuchuluka, ndipo kawirikawiri vuto ndi kabyuleta kapena mainjekita, zomwe sizivuta kwenikweni. Kugogoda kolemera kochokera pansi ndiye kunoka kumene amakaniko amanena. Makaniko wanu akakhala ndi geji ya kompuresheni, ayeze masilinda onse. Chofunika n'chakuti asasiyane kwambiri, kupyola 10 pa 100 iliyonse pali kanthu.

Mapaipi a rabala a mafuta muwawerengere kale kuti mudzasintha onse. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene amadya rabala wakale, ndipo paipi yothonyera pa ekizozi yotentha ndiyo imayatsa galimoto zambiri zongodzutsidwa kumene.

6. Mabuleki, mawaya ndi zina

Izi musatayepo nthawi yaitali. Mabuleki, matayala, batire ndi malamba a galimoto yogona zaka mudzagula zatsopano basi, kaya zikuoneka bwanji. Tayala likakhala ndi manambala atatu okha a deti m'malo mwa anayi, linapangidwa chisanafike chaka cha 2000. Mawaya onani ngati makoswe anadya, komanso ngati amagetsi a m'mbuyomu analumikiza ndi mapepala a shuga.

7. Werengani zimene zikusowa

Ichi anthu amachipeputsa. Galimoto yokhala pabwalo imazulidwa pang'onopang'ono: lero sitata, mawa kabyuleta, mkuja nyali. Zipangizo za injini ndi mabuleki zimapezeka, koma galasi la kutsogolo, giriu ya kutsogolo kwa rediyeta, mabampa, mamita a pa dashibodi ndi zogwirira zitseko ndi zimene zimasowetsa mtendere. "Zili m'nyumba, tidzakupatsani" musavomere. Zituluke, muziyale pa mkeka, muziwerenge ndi kuzijambula.

Apa mtundu wa galimoto umalowa. Nissan 1400 inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, choncho masipeya ake m'bale wa ku Joni atha kukutumizirani pa basi. Peugeot 504 inapitiriza kupangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000. Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, masipeya ake atsopano akupangidwabe ku Britain, kungoti amafuna ndalama zakunja, ndipo mabawuti ake ambiri ndi a mainchesi, masipanala a mamilimita sagwira onse. Land Cruiser ya 40 ndi yolimba kwabasi koma zitsulo za bodi yake n'zodula. Kwa munthu woyamba, ine ndingasankhe Nissan 1400 yathunthu yosalira kusiyana ndi Mercedes yolira yosowa theka la zinthu.

8. Mtengo ndi kunyamula

Musagule tsiku lomwelo. Pitani kunyumba ndi zithunzi zanu, mukhale ndi makaniko komanso wowotcherera, aliyense atchule mtengo wa ntchito yake, muwonjezepo penti, mipando, COF (chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshulansi ndi kusintha umwini. Pa chiwerengero chimenecho onjezaniponso ndalama yapadera, chifukwa galimoto ikamasulidwa pamatuluka zina zimene simunazione. Ndi mndandanda umenewo m'manja bwererani mukanenerere, modekha, popanda kunyoza galimoto ya eni ake. "Achimwene, chasisi kumbuyoku ikufunika ntchito, tiyeni tionane pa mtengo" imagwira ntchito kuposa kuitchula sikirapu.

Mukagwirizana, lemberanani kalata ya malonda yokhala ndi nambala ya chasisi, mtengo, mndandanda wa zipangizo ndi mboni ziwiri, ndipo blue book ichoke nanu tsiku lomwe ndalama yaperekedwa. Ponyamula pezani lole kapena ngolo yoikwezapo. Kukoka ndi chingwe galimoto yopanda mabuleki n'koopsa paliponse, koma ngati mwaigula ku Namwera ndipo muyenera kutsika nayo mapiri a ku Chowe kubwera pa Boma, musayerekeze n'komwe.