Makumba opinimbira si mbewu, lekani kuthira m'damu

Madamu ena akamakololedwa amatulutsa makumba osaposa chala, chonsecho mlimi wadyetsa miyezi 6 yathunthu. Musanamizire madeya. Vuto lili pa mbewu ya nsomba imene munathira.

Mpaka lero alimi akupitabe kwa mnzawo, kukoka khoka m'damu limene silinaumitsidwepo zaka zitatu, n'kumatola tinsomba tating'ono kuti ndi ana. Si ana amenewo! Makumba amayamba kuswa akadali aang'ono, ndipo akathithikana m'damu amakhwima osakula. Kansomba ka masentimita 8 kakhoza kukhala kachaka chathunthu, koti kaswa kale kangapo. Mukathira zoterezi m'damu lanu, posakhalitsa zazimuna zimayamba kukumba timaenje tozungulira pansi, zazikazi n'kutola mazira m'kamwa. Nsomba yofungatira mazira m'kamwa siidya, imakhala choncho masabata awiri kapena atatu, ndipo ikalavula ana sipatenga nthawi yaswanso. Inenepa liti? Ana akewo nawonso akulimbirana madeya omwewo ndi msipu womwewo wa m'madzi. Munathira nsomba 600, pofika mwezi wachinayi mukudyetsa zikwi osadziwa.

Bambo wina ku Chingale ankayamikira mbewu ya kwa alamu ake kuti "imaswa msanga". Atatitsegula kukamwa tinsomba timene anali atangogula, tingapo tinalavula mazira achikasu m'manja mwake. Anathirabe, poti ndalama inali itapita. Pokolola mavenda anakana kugula pa kilo, anatenga pa beseni, ndipo ndalamayo sinabweze ngakhale ya madeya.

Chodabwitsa n'chakuti zizindikiro zake zimaonekera poyera. Nsomba yopinimbira imakhala ndi mutu waukulu, maso aakulu, thupi lowonda. Yaimuna yokhwima imada, zipsepse zake zapamsana ndi zakumchira zimafiira m'mphepete. Yaikazi yonyamula mazira imatupa pansi pa chibwano. Mwana weniweni amakhala wotuwa, wathupi lodzadza, ndipo ana a msinkhu umodzi amafanana kukula. Bwanji osayang'ana musanapereke ndalama? Mbewu ya chimanga mumaisankha bwino, koma ya nsomba mukungotola.

Gulani mbewu ku National Aquaculture Centre ku Domasi kapena kwa alimi oswetsa nsomba amene ofesi ya zansomba ya m'boma lanu ikuwadziwa. Umitsani damu masabata awiri mpaka matope ang'aluke, wazani laimu m'zithaphwi zotsala kuti tinsomba takale tife, ndipo mangani sefa polowera madzi. Thirani ana atatu pa sikweya mita, a msinkhu umodzi. Mukaona tiana tikuyandama m'mbali mwa damu m'mawa, tichotseni ndi kaukonde.