Akakuuzani kuti m'bale wanu wasokonekera mutu chifukwa cha makhololo, yambirani apa

Chaka chatha achimwene anga anangoyamba kukhala duu pakhonde kwathu ku Chinamwali, osadya bwino, osasamba, kumangong'ung'udza okha, ukawayitana kukuyang'ana ngati sakukudziwa. Mayi ena ogulitsa mankhwala achi China pa WhatsApp anandiuza kuti "achemwali musavutike, awa ndi makhololo atseka mtima, gulani botolo ili." Ndinadabwa, munthu sakutsokomola n'komwe, makhololo ake ati? Ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaphunzira chifukwa ndikudziwa sindili ndekha, mabotolo amenewa afika ponseponse kuno ku Zomba.

Choyamba mvetsani zomwe akutanthauza, mawuwo sanapeke mayi aja ayi. Mu mankhwala achikhalidwe a ku China makhololo amawatchula kuti tan ndipo amati alipo a mitundu iwiri, owoneka aja timalavula tikadwala chifuwa, ndi ena osawoneka omwe amati amayenda m'thupi. Kwa iwo kapamba ndiye amayendetsa kagayidwe ka chakudya, akafooka chinyezi chimaunjikana n'kukhuthala kukhala tan. Komanso amati maganizo a munthu, omwe amawatchula shen, amakhala mumtima osati m'mutu, ngati mmene ife timanenera kuti "ndaganiza mumtima mwanga". Ndiye tan akatseka zibowo za mtima munthu amasokonekera. Dzina lake amati tan mi xin qiao, munthu amakhala ndwii, wosayankhula kapena woyankhula yekha, lilime lokutidwa ndi zoyera zonanda. Tan yemweyo akasakanikirana ndi kutentha amati tan huo rao xin, apa munthu sagona, amakuwa, kuseka ndi kulira popanda chifukwa, kuswa zinthu, lilime lofiira lokutidwa ndi zachikasu. Misala yachete amati dian, yaphokoso amati kuang, ndipo mawu awiriwa ali kale m'buku lawo la Huangdi Neijing lomwe latha zaka zoposa 2,000. Sing'anga wawo wina wa m'zaka za m'ma 1300, Zhu Danxi, ndi mmodzi mwa omwe anatsindika kwambiri kuti matenda ambiri amachokera ku tan.

Koma gwirani ichi, kameneka ndi kafotokozedwe kawo ka zizindikiro, palibe sikani kapena kuyeza magazi komwe kungakuonetseni makhololo mumtima kapena mu ubongo. Ndipo zizindikiro zomwezo zimabweranso ndi malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, shuga akatsika kwambiri, khunyu, chamba, kachasu, matenda okhumudwa aja. Nde ngati munthu wasokonekera mwadzidzidzi, thupi latentha, khosi lauma, wakomoka kapena pakhosi pakumveka kolokolo, musayambe zoyang'ana lilime, pezani galimoto muthamange naye ku Zomba Central Hospital nthawi yomweyo ngakhale usiku.

Ngati zayamba pang'onopang'ono ngati za achimwene, tengani kope muzilemba. Apa pokha ndimawayamika ma China aja, amaonetsetsa munthu kwambiri, kagonedwe, kadyedwe, chimbudzi, mayankhulidwe. Ine ndinalemba masiku angapo basi, wagona nthawi yanji, wadya mitanda ingati, akuti akumva mawu a anthu kapena ayi, wamwa mowa kapena wasuta, ndipo titafika kuchipatala adokotala atafunsa "zinayamba liti mayi?" sindinachite chibwibwi, ndinangotsegula kope lija. Tengani ndi buku lake lakuchipatala. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi womwe anzathu amakwerera mabasi kuchokera kutali, Zomba Mental Hospital ili pompano, ndipo kupita ku Mental sikuti basi akamutsekera, ambiri amaonedwa, kupatsidwa mankhwala n'kubwerera kunyumba. Mukhozanso kuyambira pa chipatala chaching'ono chakwanu akakulozerani. Akayamba kunena zoti bola kufa, chotsani tameki, zingwe ndi mankhwala onse m'nyumba, musamusiye yekha ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Tsopano za botolo lija. Ngati mtima wanu ukufunabe, funsani wogulitsayo kuti muli chani, dzina lililonse palokha, akayamba zoti ndi zachilengedwe zokhazokha musade nkhawa, msiyeni ndi botolo lake. Msakanizo wotchuka wa tan umatchedwa Wen Dan Tang, mumakhala makoko ouma a manachesi, zopala za nsungwi, jinja, bowa wina womera pa mizu ya paini wotchedwa fu ling, muzu wotsekemera wa gan cao ndi muzu wina wotchedwa ban xia. Zimamveka ngati za kukhitchini eti? Koma ban xia wosakonzedwa ndi poizoni, amawotcha mkamwa ndi pakhosi, ndipo gan cao ukamwa nthawi yaitali amakweza BP. Mankhwala ena akale okhazika mtima pansi amaikamo zhu sha, mwala wofiira wokhala ndi mercury yemwe amawononga impso ndi ubongo womwewo mukufuna kuchiza. Botolo lolembedwa chi China chokhachokha inu osatha kuwerenga, musammwetse munthu, bungwe loona za mankhwala kuno ndi PMRA ndipo muli ndi ufulu kufunsa ngati analembetsa kumeneko. Litengeni mukaonetse adokotala kapena a ku famase musanatsegule, ndipo chonde chonde musamusiyitse mankhwala akuchipatala kuti ayese achi China, kusiya mwadzidzidzi kumabweza matenda, nthawi zina moposa poyamba.

Zomwe mungatenge kwa ma China aja popanda mantha ndi za kadyedwe, amati zonona kwambiri, zotsekemera ndi mowa zimachulukitsa tan, munthu azidya zofunda zopepuka komanso aziyenda. Ife tinachepetsa chipisi cha pa chiwaya ndi zokazinga, m'mawa phala, masana nsima ya nkhwani kapena matemba, mowa tinaletseratu, madzulo ndimayenda ndi achimwene pang'ono dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri. Mankhwala a ku Mental akumwabe usiku uliwonse ndipo tsiku lobwerera ndinalilemba pa kalendala wa pabalaza, sabata yatha anandifunsa okha kuti "kodi achemwali, kuja ndi Lachiwiri lino eti?"