Mmene mungaonere mbalame ku Cape Maclear osaononga ndalama

Ndakhala ndikupita ku Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, kangapo pachaka, ndipo mbalame za kumeneko zimasintha ndi nyengo. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo ife Amalawi timalipira zochepa pageti kusiyana ndi alendo akunja, choncho musaiwale chitupa chanu.

Yambani ndi bainokyula. Zija zonyezimira zogulitsa m'misewu zisiyeni, galasi lake limachita nkhungu likangomva chinyontho cha kunyanja. Bola kubwereka yakale kwa mnzanu.

Kenako boti, ndipo apa ndi pomwe ndinapsa. Ulendo wanga woyamba ndinadzuka mochedwa, ndinamwa tiyi mwa phee, n'kupita pagombe dzuwa lili pamutu. Mnyamata wina anandilonjeza kuti nkhwazi ndiziona zambirimbiri ku chilumba cha Thumbi, ndipo ndinamupatsiratu ndalama zonse. Tinafika. Analiza likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi ziwiri zinali pamtengo zinangotiyang'ana, zii! Maboti am'mawa anali atazidyetsa kale. Anaponyanso ina, mpaka nsomba zonse zinathera m'madzi. Pobwerera anati, "Bwana, mafuta achepa, muwonjezereko kangachepe," tili pakati pa nyanja. Ndikanakana bwanji?

Ndiye gwirizanani mtengo madzulo, wophatikiza mafuta, nsomba ndi ulendo wobwerera. Perekani theka, theka linalo mukaponda mchenga. Nyamukani kusanatenthe, nkhwazi idakali ndi njala. Ikamatsika, kamera ikhale yokonzeka, chifukwa imangotola nsomba ndi zikhadabo n'kutembenuka, basi zatha.

Za nyengo: m'chisanu, June ndi July, mwera umavuta panyanja, koma ndi nthawi imene nkhwazi zili pazisa ndipo zimalira mopokezana, mutu utapendekera kumbuyo. M'chilimwe mitengo ya m'mapiri imayoyola masamba, ndiye mbalame zimaoneka mosavuta. Cha mu October anamzeze ochokera ku Ulaya amayamba kufika. M'dzinja mpheta zazimuna zimasanduka zachikasu n'kumaluka zisa m'mabango.

Ngati ndalama ya boti palibe, yendani wapansi kupita ku Otter Point m'mamawa. Akakowa ndi anantchengwa mudzawapeza m'mphepete mwa madzi. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, anyani a kumeneko alibe manyazi.