Mwana wolira pometa tsitsi

Mwana wanga wa zaka 4 ankalira akangomva makina ometera. Kuyang'anitsitsa, sanali mantha okha: makinawo ankamuzula tsitsi chifukwa mano a makinawo anali ouma komanso odzaza tizidutswa ta tsitsi.

Ndinapempha wometa kuti achotse tizidutswato ndi kaburashi, adonthezepo madontho 3 a oyilo, awalize masekondi 10, kenako apukute. Mano ouma amatenthanso msanga, ndiye aziwayesa padzanja asanafike kuseri kwa khutu. Tsitsi lopotana alipese kaye, apo ayi makina amakodwa.

Tsopano ndimayamba kumetedwa ndine, mwanayo akuonerera. Kenako ndimamugwiritsa makina akulira kuti azolowere kunjenjemera kwake. Kumano a makina timaika chipeso cha nambala 2, chomwe chimasiya mamilimita 6. Mpala ayi, ndipo lezala yokonzera m'mbali tinaisiya kaye, khungu lake silinakhwime.