Ana akayambana, yambani ndi kubalalitsa owonerera

Ndewu zambiri za achinyamata kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'dziko la Mozambique, zimayambira pa zazing'ono. Ng'ombe zalowa m'dimba la mbatatesi pamene woweta amasewera bawo, chigoli chakanidwa pa mpira wa midzi iwiri, kapena wina watukwanidwa pa WhatsApp usiku, m'mawa n'kukumana pachipata cha sukulu. Chimene chimakoleza moto ndi anzawo amene azungulira, akukuwa kuti "Mmenye! Mmenye!" Mnyamata amene anzake akumuyang'ana sabwerera m'mbuyo, ngakhale mumtima akufunitsitsa kutero.

N'chifukwa chake, aphunzitsi ndi makolo, yambani mwathamangitsa gululo. Awiriwo muwakhazike padera, amwe madzi, mitima itsike. Mlanduwo ugone kaye.

M'mawa mwake pakhale mkhalapakati amene onse awiri amuvomera, makamaka wamsinkhu wawo, wamkulu akhale chapambali. Musafunse kuti "Wayamba ndani?" pakuti funso limeneli limabala mabodza. Funsani kuti "Chinachitika n'chiyani, ndipo chakupweteka n'chiti?" Mmodzi alankhule mpaka amalize, osamudula. Kenako mnzakeyo abwereze zimene wamva asanayambe zake. Apa m'pamene pamavuta, ndipo musafulumire, chifukwa ambiri amakhala asanamvepo mnzawoyo n'komwe. Akamvana, atchule okha chokonza: mizere yopondedwa aiunde, malaya ong'ambika asokedwe. Panganolo lilembedwe m'kope pamaso pa mboni ziwiri, ndipo pakatha sabata muwaitanenso.

Zowakwapula onse awiri kuti nkhani ithe ine sindigwirizana nazo. Mwana amangophunzirapo kuti mwini chikoti ndiye wolungama, ndipo mkwiyo amakaumalizira kunjira.

Zikakanika pasukulu, pali Conselho de Escola, bungwe loyang'anira sukulu, momwe muli makolo, aphunzitsi ndi ophunzira omwe. Achinyamata amene sali pasukulu, monga oweta ndi ogulitsa pamsika wa Ulongwe, nkhani yawo ipite kwa anyakwawa kapena kukhoti la m'mudzi. Makhoti amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92 la chaka cha 1992, ndipo ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono.

Koma pakatuluka mpeni kapena chikwanje, wina akavulala kwambiri, kapena mtsikana akagwiriridwa, musakambirane pansi pa mtengo. Wovulalayo apite kuchipatala, nkhani ipite kupolisi. Mwana amene akuopa kuuza akulu angathe kuimba 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança, bungwe lothandiza ana amene ali pamavuto.