Kusefa spam ndi ma virus pa seva ya imelo ya bizinesi yaing'ono

Ngati pa ofesi muli ndi seva yanuyanu ya imelo, dziwani kuti spam yambiri imafunika kuikanira pakhomo pomwepo isanalowe. Ambiri amathamangira kuika antivirus yolemera kenako nkumadabwa kuti bwanji seva ikukoka mwendo, chonsecho zinyalala zambirizo zikanabwezedwa osaziwerenga nkomwe. Apa ndikutenga kuti muli pa Linux ndipo mukugwiritsa ntchito Postfix, pulogalamu yotumiza ndi kulandira imelo.

Poyamba onani kuti seva yanu si open relay, kutanthauza kuti munthu wina aliyense wakunja sangatumizire pa inu imelo zopita kwina. Mu zokonzera za Postfix, pa smtpd_relay_restrictions musasowe reject_unauth_destination. Ogwira ntchito anu azitumiza pa port 587 ndi pasiwedi, port 25 isiyireni ma seva ena.

Kenako yatsani postscreen, inabwera ndi Postfix 2.8 ndiye muli nayo kale. Iyo imagwira ma bot amene amayamba kulankhula seva yanu isanamalize kupereka moni, komanso imafunsa ma blocklist (mindandanda ya ma IP odziwika ndi spam) ngati zen.spamhaus.org ya Spamhaus kuti IP imeneyi mbiri yake ndi yotani. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri: mukamafunsa Spamhaus kudzera pa DNS ya aliyense ngati 8.8.8.8 sakuyankhani zolondola, ndiye ikani unbound, pulogalamu yofunsira DNS, pa seva yomweyo kuti mafunso azichokera kwa inu. Muwerengenso malamulo awo chifukwa zaulerezo zili ndi malire.

Za greylisting, kudikiritsa kaye imelo zochokera ku seva yachilendo, ine sindizikonda kwenikweni. Postgrey, pulogalamu yochita zimenezi, imayankha seva yachilendo ndi code 450, kutanthauza kuti bweraninso nthawi ina, ndipo mwachizolowezi imadikiritsa masekondi 300, seva yeniyeni imabweradi pomwe ma bot ambiri sabwerera. Zimathandiza inde, koma munthu akudikira code yosinthira pasiwedi kapena oda ya kasitomala mphindi zimenezo zimatalika, foni yanu ilira basi. Rspamd, pulogalamu yosefa spam, ndi yabwinoko pamenepa chifukwa imadikiritsa zokayikitsa zokha.

Zimene zadutsa pakhomo ndiye ziwerengedwe mkati. Sankhani chimodzi, Rspamd kapena SpamAssassin pamodzi ndi amavisd-new, osati zonse ziwiri. Zonse zimapereka mapointi pa imelo iliyonse, ndipo SpamAssassin imati ndi spam ikafika 5.0. Chonde musamafufute imelo pa 5.0. Iikeni chizindikiro ipite mu Junk, mwini wake akhoza kuipeza, chifukwa spam khumi mu inbox nzotopetsa chabe koma oda imodzi kusowa mwakachetechete ndi ndalama zapita ndipo palibe amene adziwe. Zofika mapointi okwera kwambiri, Rspamd payokha imakana pa 15, muzikane seva inayo ikadali pa laini ndi code 550 yokaniratu, kuti ngati anali munthu weniweni alandire uthenga woti imelo yake sinafike. Choipa ndi kuilandira kaye kenako nkuibweza, popeza adiresi ya wotumiza pa spam imakhala yabodza, mumakhala mukuvutitsa munthu wosalakwa ndipo mapeto ake ndinu amene mulowe pa blocklist.

Bayes, gawo la SpamAssassin lophunzira kuchokera ku imelo zanu, siyamba ntchito mpaka itaona spam 200 ndi imelo zabwino 200, ndiye auzeni anzanu aziponya zoipa mu Junk mmalo mofufuta, inu muzidyetsa ndi sa-learn --spam ndi sa-learn --ham. Musaiwale kuika sa-update, yokoka malamulo atsopano a SpamAssassin, mu cron kuti iziyenda yokha.

Pa ma virus ikani ClamAV, freshclam izikoka ma signature atsopano yokha. Koma clamd, gawo la ClamAV lofufuza mafayilo, imadya RAM yoposa 1GB, pa ka VPS kakang'ono imatha kufa osakuuzani. Komanso musaidalire kwambiri, virus yotuluka lero siyidziwa ndipo zip yotsekedwa ndi pasiwedi siyitha kuona mkati mwake. Chimene chimagwira ntchito heavy ndi kungoletsa mafayilo ena, .exe, .scr, .js, .vbs, .iso, ndani amatumiza invoice ya .js? Zikalata za Word ndi Excel zokhala ndi macro zizipita kaye ku quarantine, malo osungira zokayikitsa.

Mu DNS ya domeni yanu ikani SPF, DKIM ndi DMARC, zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu, kuti akuba asamavale dzina lanu, DMARC muyambe ndi p=none muone malipoti kaye musanalimbitse.

Mukamaliza yesani. Dzitumizireni kuchokera kunja imelo yokhala ndi mawu a GTUBE ndi ina yokhala ndi fayilo ya EICAR, zonse nzopanda vuto zinapangidwira kuyesera, uku mukuyang'ana log ya imelo, mwachitsanzo /var/log/mail.log, kuti zagwidwa pati. Muziyang'ananso zotuluka, pasiwedi ya munthu mmodzi ikabedwa seva yanu imasanduka yotumiza spam usiku umodzi wokha, ndiye ikani fail2ban, yotsekera ma IP olakwitsa pasiwedi kambirimbiri, ikaninso malire a imelo zimene akaunti imodzi ingatumize pa ola, ndipo mukaona mailq, mndandanda wa imelo zodikira kutuluka, yadzaza ndi ma adiresi osawadziwa tsekani akauntiyo kaye kenako muzifufuza.